Zongopeka ndi zenizeni m'mabuku a nkhani za zithunzi

Zongopeka ndi zenizeni ndi mutu umene umapezeka kawirikawiri m'mabuku a nkhani za zithunzi, omwe m'Chingerezi amatchedwa graphic novel. Buku lotere limafotokoza nkhani yaitali kudzera m'zithunzi zojambula pamanja zosanjidwa m'timabokosi motsatizana, ndipo mawu a anthu a m'nkhaniyo amalembedwa m'kati mwa zithunzizo. Wojambula amatha kuika zimene munthu akulota ndi zimene zikumuchitikiradi pa tsamba limodzi. Pa chifukwa chimenechi, owerenga ndi aphunzitsi akhala akutsutsana ngati nkhani yongopeka imamuiwalitsa munthu mavuto ake kapena imamupatsa mphamvu zolimbana nawo. Ku Malawi mkanganowu umakhudza makatuni a m'nyuzipepala, timabuku ta zithunzi tophunzitsa achinyamata, komanso nthano zokambidwa madzulo m'midzi ya m'maboma ngati Ntcheu.

Matanthauzo a mawu

Zongopeka ndi zinthu za m'nkhani zimene sizingachitike monga mmene zafotokozedwera, monga nyama zolankhula, anthu ouluka, ziphona ndi maiko omwe kulibe. Zenizeni ndi moyo umene anthu amaudziwa: njala, matenda, sukulu, ngongole, nkhondo ndi maliro. Kuthawa zenizeni ndi pamene munthu amalowa m'nkhani yongopeka pofuna kupuma kapena kuiwala zimene zikumuvuta.

Kuthawaku kumaoneka m'malo awiri. Malo oyamba ndi mwa wowerenga, amene amatsegula buku kuti achoke kwa kanthawi pa zimene zamuzungulira. Malo achiwiri ndi mwa munthu wa m'nkhani, amene amadzipangira dziko lake m'maganizo chifukwa dziko lenileni lamukulira. Mabuku ambiri odziwika bwino pa mutuwu amatsatira munthu wa mtundu wachiwiriwu.

Dzina loti graphic novel linayamba kufala Will Eisner wa ku America atatulutsa buku la A Contract with God m'chaka cha 1978. Bukuli silinali la ngwazi zouluka. Linali la anthu osauka okhala m'nyumba za lendi ku Bronx mumzinda wa New York, ndipo nkhani yake yoyamba ndi ya bambo amene wakwiyira Mulungu mwana wake atamwalira. Eisner mwiniyo anali atataya mwana wamkazi ndi khansa ya m'magazi.

Mmene tsamba limasiyanitsira maiko awiri

M'buku la mawu okhaokha wolemba amauza wowerenga kuti munthu wayamba kulota. M'buku la zithunzi wojambula safunika kunena. Iye amasintha mtundu wa utoto, makulidwe a mizere, kapena maonekedwe a timabokosi, ndipo diso la wowerenga limazindikira lokha kuti nkhani yalowa kwina.

Chitsanzo chakale ndi Little Nemo in Slumberland, nkhani ya Winsor McCay yomwe inayamba kutuluka m'nyuzipepala ya New York Herald m'chaka cha 1905. Tsamba lililonse linkaonetsa maloto a kamnyamata kotchedwa Nemo, m'timabokosi tomwe tinkakula kapena kutalika malinga ndi malotowo. Kabokosi komaliza kankakhala kakang'ono, kosonyeza Nemo atadzidzimuka pa bedi lake. Mu Calvin and Hobbes, yomwe Bill Watterson anajambula kuyambira 1985 mpaka 1995, mnzake wa Calvin ndi chilombo cha mizeremizere choyenda ndi kulankhula, koma akulu akalowa m'chithunzi chilombocho chimaoneka ngati chidole wamba. Watterson sanagamule kuti woona bwino ndani pakati pa mwana ndi akuluwo.

Mpata umene umakhala pakati pa kabokosi kena ndi kanzake ulinso ndi ntchito. Scott McCloud, m'buku lake la Understanding Comics la m'chaka cha 1993, anafotokoza kuti wowerenga ndi amene amadzaza mpatawo ndi maganizo ake. Kabokosi koyamba kakaonetsa munthu atakweza nkhwangwa, kachiwiri n'kuonetsa mtengo uli pansi, kudulako kwachitika m'mutu mwa wowerenga. Choncho ngakhale nkhani yoona ikakhala m'zithunzi, wowerenga amapekako mbali yake.

Mkangano wa kuthawa zenizeni

Superman, yemwe anapangidwa ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anaonekera koyamba m'chaka cha 1938 pamene anthu ambiri ku America anali pa ulova. Timabuku take tinali totchipa ndipo ana ankatiwerenga kwambiri. M'chaka cha 1954 dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham anatulutsa buku la Seduction of the Innocent, momwe ananena kuti timabuku ta zithunzi timaononga khalidwe la ana. Chaka chomwecho aphungu a ku America anamva maumboni pa nkhaniyi, ndipo makampani osindikiza anakhazikitsa bungwe la Comics Code Authority loti liziunika zolembedwa zisanatuluke.

Maganizo otsutsana ndi amenewa anali ataperekedwa kale ndi J. R. R. Tolkien m'nkhani imene anakamba ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland m'chaka cha 1939. Iye anasiyanitsa mkaidi amene akuthawa m'ndende ndi msilikali amene akuthawa nkhondo kusiya anzake. Mfundo yake inali yoti munthu womangidwa salakwa akamaganiza za kunja kwa ndende, ndipo otsutsa nkhani zongopeka amasokoneza kuthawa kuwiriku.

Mbiri ya ku South Africa imaonetsa kuti nkhawa ya otsutsawo inalinso ndi maziko. M'chaka cha 1975 kunayamba kutuluka magazini ya zithunzi ya Mighty Man, ya ngwazi yakuda yokhala m'dera longa Soweto. Ngwaziyi inkamenyana ndi akuba ndi zigawenga za m'makomboni, koma sinkakhudza malamulo a tsankho omwe ankazunza owerenga ake. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndalama zoyendetsera magaziniyi zinkachokera mwachinsinsi ku nthambi yofalitsa nkhani ya boma la tsankho. Magaziniyi sinakhalitse zitachitika zipolowe za ku Soweto mu Juni 1976. Apa nkhani yongopeka inapangidwa dala kuti wowerenga asayang'ane gwero la mavuto ake.

Mabuku ofotokoza zowawa kudzera m'zongopeka

Maus ya Art Spiegelman inatuluka m'mabuku awiri, m'chaka cha 1986 ndi 1991. Imafotokoza mbiri yoona ya bambo ake, Vladek, Myuda wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende ya Auschwitz. Ayuda anajambulidwa ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, ndipo anthu a ku Poland ngati nkhumba. Nkhope za nyamazi zimathandiza wowerenga kupirira poona zinthu zoopsa, koma Spiegelman salola kuti wowerenga aiwale kuti ndi zigoba chabe. M'buku lachiwiri amadzijambula ali munthu wovala chigoba cha mbewa, ndipo chakumapeto amaikamo chithunzi chenicheni cha bambo ake. Nyuzipepala ya New York Times itaika bukuli pa mndandanda wa nkhani zongopeka, iye analemba kalata yodandaula ndipo linasamutsidwira ku nkhani zoona. Linalandira mphoto yapadera ya Pulitzer m'chaka cha 1992.

Persepolis ya Marjane Satrapi, yomwe inatuluka ku France pakati pa 2000 ndi 2003, ndi mbiri ya ubwana wake ku Iran pa nthawi ya kusintha kwa boma kwa m'chaka cha 1979. Ali mwana, Marji amacheza ndi Mulungu usiku, yemwe amajambulidwa ngati nkhalamba ya ndevu zoyera. Amalume ake a Anoosh ataphedwa ndi boma latsopano, mtsikanayo amathamangitsa nkhalambayo. Kutha kwa macheza ausikuwo ndiko kumasonyeza kutha kwa ubwana wake.

Deogratias ya Jean-Philippe Stassen wa ku Belgium inatuluka m'chaka cha 2000 ndipo imakamba za kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda m'chaka cha 1994. Deogratias ndi mnyamata wa Chihutu amene anatenga nawo mbali pa kuphanako. Iye amamwa mowa wa nthochi kuti aiwale, ndipo zikumbukiro zikamuchulukira amajambulidwa akusanduka galu. Mizere ya m'mphepete mwa timabokosi imasiyanitsa za kale ndi za lero. M'bukuli kuthawa sikumupulumutsa mnyamatayo.

I Kill Giants ya Joe Kelly ndi J. M. Ken Niimura inayamba kutuluka m'chaka cha 2008. Barbara Thorson ndi mtsikana wa sukulu amene amauza aliyense kuti ntchito yake ndi kupha ziphona, ndipo amayenda ndi kachikwama momwe akuti muli nyundo yake yankhondo. Wowerenga amazindikira pang'onopang'ono kuti m'chipinda chapamwamba kwawo muli mayi ake akudwala khansa, ndipo Barbara amaopa kukwerako. Atakumana ndi chiphona chachikulu m'pamene amalimba mtima kukalowa m'chipindamo.

Mabuku anayiwa amafanana pa chinthu chimodzi. Zongopeka zili mmenemo pofuna kufikitsa wowerenga pa chinthu chovuta kuchiyang'ana mwachindunji, ndipo nkhani imathera pa chinthu chovutacho.

Ku Africa

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Drum inkasindikiza magazini ya African Film, ya zithunzi zojambula ndi kamera zokhala ndi mawu. Ngwazi yake, Lance Spearman, inkavala suti ndi chipewa, n'kumagonjetsa zigawenga mumzinda wamakono wopanda dzina. Inkawerengedwa m'maiko ambiri olankhula Chingerezi a kumadzulo, kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Supa Strikas, nkhani ya timu ya mpira yongopeka, inayamba ku South Africa m'chaka cha 2000, ndipo Kwezi ya Loyiso Mkize, ya mnyamata wa mphamvu zodabwitsa, inatuluka m'chaka cha 2014.

Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire anatenga njira ina. Buku lake la Aya de Yopougon, lojambulidwa ndi Clément Oubrerie m'chaka cha 2005, lilibe zozizwitsa. Ndi nkhani ya atsikana atatu a ku Abidjan kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, zibwenzi zawo, mimba yosayembekezera ndi makolo awo. Abouet ankafuna kuonetsa Africa wa moyo wa tsiku ndi tsiku, wosiyana ndi Africa wa nkhondo ndi njala amene azungu anazolowera kuona. Bukuli limasonyeza kuti chithunzi chimene anthu amachiyesa chenicheni chikhozanso kukhala chopereŵera.

Ku Malawi

Ku Malawi nkhani za zithunzi zafala kwambiri ngati makatuni aafupi a m'nyuzipepala ndi m'magazini. Odziwika ndi monga Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala ya Malawi News, Joza wa Vic Kasinja, ndi Chatsalira wa m'magazini ya Moni. Anthu a m'makatuniwa ndi ongopeka, koma nthabwala zawo zimachokera ku moyo umene owerenga amaudziwa. Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, lamulo la m'chaka cha 1968 loona za mabuku ndi zisangalalo linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa zofalitsa. Olemba ambiri anaphunzira kubisa mfundo m'mafanizo a nyama ndi nthano. Wandakatulo Jack Mapanje, yemwe buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka m'chaka cha 1981, anatsekeredwa popanda mlandu kuyambira 1987 mpaka 1991. Kulankhula mokuluwika kunali chitetezo, ngakhale sikunkateteza nthawi zonse.

Timabuku ta Sara tinakonzedwa ndi bungwe la UNICEF m'zaka za m'ma 1990 kuti tiwerengedwe kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo Malawi linali limodzi mwa maiko amene anatenga nawo mbali. Sara ndi mtsikana wakumudzi amene ali ndi kanyani kochenjera kotchedwa Zingo. Kanyaniko kamabweretsa nthabwala, koma mitu ya nkhani ndi yolemera: kusiyitsidwa sukulu, kunyengedwa ndi abambo akuluakulu, ndi Edzi. M'kabuku ka The Trap mwini sitolo amafuna kumulipirira Sara sukulu kuti azigona naye, ndipo nthano imene agogo ake amakamba, ya amuna osanduka zilombo, ndi imene imamutsegula maso.

Njira imeneyi Amalawi anaidziwa kale kudzera m'nthano. Wokamba akati “Padangokhala,” omvera amayankha kuti “Tili tonse,” ndipo onse amadziwa kuti alowa m'dziko limene Kalulu amalankhula ndipo Fisi amapita kukafunsira mbeta. Palibe amene amakhulupirira kuti fisi amakwatira, koma aliyense amadziwa munthu wadyera wofanana naye. M'madera ambiri nthano imatsekedwa ndi mawu ouza ana kuti akaphule mbatata pamoto, ndipo iwo amayankha kuti yapserera. Mawuwa amagwira ntchito yofanana ndi kabokosi komaliza ka Nemo: amabweza omvera pamoto pamene akhala.

Ntcheu ndi tanthauzo la kuthawa

Boma la Ntcheu lili m'chigawo chapakati ndipo limachita malire ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique. M'malo ena, monga pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire a maiko awiriwa. Pa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anawoloka msewuwu kuthawira ku Malawi, makamaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ambiri anakhala m'midzi pakati pa abale awo, popeza chilankhulo ndi mafuko ndi amodzi mbali zonse ziwiri. Nkhondo itafika pachimake dziko la Malawi linkasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ochuluka. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera kwawo m'zaka zotsatira.

Mbiri imeneyi imathandiza kumvetsa mfundo ya Tolkien. Mayi amene anabereka mwana kumbuyo n'kuwoloka msewu usiku sanali wamantha. Kuthawa kwake kunasunga moyo, ndipo mtendere utabwera anatha kubwerera kukalima munda wake. Kuthawira m'nkhani kungayezedwe chimodzimodzi, poona ngati wothawayo akubwerera ali ndi mphamvu kapena watayika komweko.

Moyo wa othawa kwawo walembedwapo kale m'mabuku a zithunzi. When Stars Are Scattered, la Victoria Jamieson ndi Omar Mohamed, linatuluka m'chaka cha 2020. Limafotokoza zaka zimene Omar ndi mng'ono wake Hassan, ochokera ku Somalia, anakhala ku msasa wa Dadaab ku Kenya akudikira mayi awo komanso mwayi wopita kunja. Maloto a America amamulimbikitsa Omar kupitiriza sukulu, koma nthawi zina amamudya mtima kotero kuti amaipidwa ndi anthu amene ali naye pafupi. Bukuli limaonetsa mbali zonse ziwiri za chiyembekezo mwa munthu mmodzi.

Ntcheu lilinso ndi mbiri ina imene imasungidwa pakamwa ndi m'magule. Inkosi Gomani Chikuse ya Angoni a kwa Maseko inaphedwa ndi asilikali a Britain m'chaka cha 1896. Angoni amakumbukira mbiri yawo pa mwambo wa Umhlangano, pomwe amuna amavina ngoma atavala zikopa ndi nthenga, zishango zili m'manja. Wovinayo mwina ndi mphunzitsi kapena mlimi wa mbatatesi, ndipo mawa lake amabwerera ku ntchito yake. Chovalacho sichimunamiza kuti ndi msilikali. Chimamukumbutsa zimene zinachitikadi, monga mmene chigoba cha mbewa chimachitira mu Maus.

Vuto la malire

Malire a zongopeka ndi zenizeni sakhala pamalo amodzi kwa anthu onse. Munthu wouluka pa lichero usiku ndi nthabwala kwa wowerenga wa ku London, pomwe kwa owerenga ambiri ku Malawi ndi chinthu chimene amva chikukambidwa ngati choona, nthawi zina potchula dzina la nkhalamba ya m'mudzi momwemo. Lamulo la ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya.

Izi zimaika udindo pa wojambula wa ku Malawi umene mnzake wa ku America alibe. Chiphona cha Barbara sichingachititse kuti munthu aphedwe, koma chithunzi cha gogo ali pa lichero chikhoza kulimbikitsa mantha amene alipo kale. Apa m'pamene njira zosiyanitsira maiko awiri pa tsamba zimafunika kwambiri. Utoto, mizere ndi timabokosi zikhoza kuonetsa kuti chimene chajambulidwa ndi mantha a m'mutu mwa mwana, ndipo kabokosi kotsatira n'kuonetsa gogo yemweyo akusenda chinangwa pakhonde.

Mmene owerenga amayezera

Pokambirana buku la zithunzi m'kalasi kapena m'gulu la owerenga, mafunso atatu amathandiza. Loyamba ndi lakuti munthu wa m'nkhani akuthawa chiyani, ndipo bukulo likuchitchula kapena likuchibisa. Lachiwiri ndi lakuti ndani akupindula wowerenga akaiwala, monga mmene boma la tsankho linkapindulira ndi Mighty Man. Lachitatu ndi lakuti nkhani ikatha, munthuyo wasiyidwa kuti.

Mafunsowa saletsa kuwerenga pongofuna kusangalala. Mwana wowerenga Supa Strikas pobwera kusukulu akupuma monga mmene mlimi amapumira pa bawo madzulo, ndipo akuzolowera kuwerenga. Nkhawa imabwera pamene nkhani yakonzedwa kuti wowerenga asaone chimene chikumupweteka, kapena pamene yaloza mantha ake kwa munthu wosalakwa.